Kompyuta Yasiya Kulira, Mwana Wayamba

— Halo?

— Halo, achimwene! Mukundimva?

— Ndikukumva, chemwali, koma ndikumvanso zina. Mukupha mbuzi kumeneko?

— Mbuzi yake iti? Ndi Kapitawo uyu, akupereka moni kwa amalume ake.

— Iii! Mawu onsewo akutuluka mwa mwana wosakwana n'chaka chomwe? Wadzuka bwanji iwe?

— Amadzuka ndi amene anagona, achimwene. Ine ndangoimirira. Inu mwadzuka bwanji?

— Tadzuka bwino ndithu.

— Akunyumba?

— Ali bwino, apita kuntchito.

— Ana?

— Kusukulu onse.

— Wamng'ono uja chimfine chinatha?

— Chinatha, chinasamukira kwa ine. Nanga alamu anga, bambo ake a Kapitawo?

— Anyamuka m'mawa, awaitana kuntchito mwadzidzidzi. Kushopu kwanu kukuyenda?

— Makompyuta akufa, ife tikudya. Tikuthokoza.

— Chabwino. Tisachedwe ndi moni, mayunitsi anga ndi ochepa.

— Wafunsa za chimfine ndiwe.

— Achimwene, kompyuta ya pakhomo pano yaonongeka.

— Sizingatheke. Dzulo lomweli alamu anali kuno. Ndawagulitsa hadi diraivi yatsopano ndi manja angawa.

— Ndiye kachitsulo kosungira zinthu kaja?

— Komweko. Yakale ija inali ikufa. Sunkaimva ikulira muja, tke, tke, tke? Kulira kumene kuja n'kutsanzika. Yatsopanoyi ilibe chozungulira m'kati, ili zii ngati mulibe kanthu.

— Eya. Vuto lake ndi limenelo.

— Liti?

— Zii ameneyo.

— Halo? Netiweki yadula, sindinamve bwino.

— Mwamva bwinobwino. Kapitawo sagona popanda tke tke uja.

— Ukuti chiyani?

— Chiyambireni kumera mano, mwana uyu tulo anatithawa. Tsiku lina bambo ake atayatsa kompyuta kuti alembe zantchito zawo, chinthu chija chinayamba tke, tke, tke. Ndinangoona mutu wa mwana ukugwera paphewa panga. Ndinkayesa wakomoka. Mawa lake ndinayala kabulangete pafupi ndi bokosi lija, n'kuyatsa. Tulo. Kuyambira pamenepo, usana ndi usiku, ndimomwemo.

— Ndiye unkaisiya yoyaka nthawi yonseyi?

— Nanga ndikanatani?

— Alamu ankadabwa kuti ikutha msanga bwanji. Kani waimaliza ndiwe!

— Inali yodwala kale. Ine ndinangoipezera ntchito yopepuka yaukalamba.

— Ha! Nanga kuchipatala unapita naye mwanayo?

— Ndinapita. Akuti ali bwinobwino, ndi mano basi, ndipirire. Amene ananena zopirirayo amagona kwawo. Chichotsereni chinthu chija dzulo madzulo, mnyumba muno palibe watseka diso. Mayunifomu a ana a eni ake ali pamakinapa osasoka. M'mawa uno ndasokerera dzanja la malaya kukhosi. Achimwene, mwana uyu agone lero, nane ndigoneko, apo ayi mudzandipeza ndikuyankhula ndi mitengo.

— Wayesako zina?

— Ndagogoda kapu ndi supuni. Wandilanda supuni n'kundimenya nayo. Ndabwereka wotchi yakukhoma kwa aneba. Waiyang'ana ngati akuidziwa kuti ndi yabodza.

— Makina ako osokerawo?

— Amathamanga kwambiri, amayesa ndi gule. Amavina.

— Taika foni kukhutu kwake. Ine phokoso limenelo ndimalimva tsiku lililonse, ndimalidziwa ngati dzina langa.

— Dikirani. Kapitawo, imva amalume. Eya, yambani.

— Tke... tke... tke... krrr... tke... tke...

— Pitirizani, wasiya kaye.

— Tke... tke... Ayi bambo, sindikuitana nkhuku, khalani pabenchipo ndikubwera. Tke... tke...

— Basi, basi, lekani! Mwamuonjezera. Tsopano akulira mokwiya.

— Mwana wako ndi wamwano. Ndachita bwinobwino ine.

— Mwathamangitsa. Ija inkachita ngati ikuganiza kaye. Achimwene, tisavutike. Yakale ija ndili nayo pano.

— Alamu sanataye?

— Anataya m'bini. Ndaitola pakati pa makoko a nthochi.

— Usandiuze kuti waitsuka.

— Ndangoipukuta. Ndaigwedeza pafupi ndi khutu lake, siikulira. Ndiuzeni mmene ndingaibwezere m'bokosimo.

— Chemwali, ine ntchito yanga ndi yochiritsa makompyuta. Iwe ukufuna ndikuthandize kuidwalitsa.

— Ndikufuna mundithandize kugoneka mwana wa mlongo wanu. Kapena ndikwere naye basi ndibwere kushopu konko, adzalirire makasitomala anu?

— Ayi ayi, khala konko. Pasikirini pakuoneka chiyani panopa?

— Bambo ake anabaya fulashi m'mawa, akuti akuikamo sisitimu yatsopano. Asanapite patali foni yawo inalira, n'kuthamanga. Pali bokosi lofunsa mafunso m'Chingerezi. Anandiuza kuti ndisakhudze, mpaka ali pageti akunenabe.

— Ndiye iwe wandiimbira kuti ukhudze.

— Iwo anati ndisakhudze kiyibodi. Za kumbuyo sananene.

— Hmm. Ngati ikadali pamafunso, siinayambe kulemba kanthu, kuzimitsa sikuononga. Tamvera. Tichita chonchi: yakaleyo tingoipatsa magetsi okha kuti izizungulira. Magetsi okha, wamva? Yatsopanoyo usaikhudze.

— Ndamva.

— Dina batani lalikulu lakutsogolo, usasiye mpaka izime.

— Yazima.

— Zula pulagi kukhoma.

— Ndazula. Iii, ayi, imeneyi ndi ya firiji. Dikirani. Eya, tsopano ndazula yake.

— Gwira chitsulo chilichonse, ngakhale mwendo wa makina akowo, kuti magetsi a m'thupi mwako achoke.

— M'thupi mwanga mulibe magetsi, achimwene, anathima kalekale.

— Ingogwira. Sikuludiraiva uli nayo?

— Ya makina osokera, kakang'ono kaja.

— Ikwana. Kumbuyo kwa bokosi kuli masikuluwu ogwira chitseko cha m'mbali. Masula.

— Halo? Halo? Mukumveka ngati muli m'madzi.

— Ndati masula masikuluwu!

— Pakona pano netiweki siifika. Dikirani ndiike foni pawindo, ndikweze mawu. Kapitawo ndimubereke kumsana, akufuna kudya sikuludiraiva. Khala bwino iwe! Eya. Mukundimva?

— Ndikumva iwe pang'ono, Kapitawo kwambiri.

— Ndatsegula. Mayo ine! Achimwene, fumbi lili umu munthu angadzalemo nyemba. Alamu anuwa anatsegula dzulo n'kutsekanso osapukuta?

— Zisiye zimenezo.

— Ndi kasupuni kathu kali momwemu! Ndinakafuna mpaka pansi pa bedi, ndinakayikira ndi aneba omwe.

— Kalowa bwanji mmenemo?

— Funsani Kapitawo. Pali kabowo kumbuyoku, ndiye positi ofesi yake.

— Chemwali, ndikumva madzi. Ukufinya chiyani?

— Kansalu.

— Usalowetsemo nsalu yonyowa!

— Ndi yofinya bwino.

— Ichotse! Ukufuna mwana agone kapena nyumba ipse?

— Chabwino, chabwino, ndaisiya. Koma mudziwe kuti mtima ukundiwawa. Kodi kanthu kopyapyala ngati bisiketi aka ndi kamene mwawagulitsa?

— Kameneko. Kamathamanga koopsa.

— Kopanda ndi thupi lomwe. Yakaleyi ndiye chinthu, ukainyamula umadziwa kuti wanyamula katundu.

— Yang'ana chingwe chimene chili ndi mawaya amitundumitundu, achikasu, ofiira, akuda. Chili ndi mitu ingapo yakuda yopyapyala. Pali mutu wina ukungolendewera.

— Ndauona.

— Ulowetse kumbuyo kwa yakaleyo, pamalo potakata. Umalowa mbali imodzi yokha. Ukakana, tembenuza, usakakamize.

— Wakana.

— Tembenuza.

— Walowa. Koma pambali pake patsala kamalo kena kakang'ono kopanda kanthu.

— Pamenepo ndi pa chingwe chopyapyala chofiira, cholankhulirana ndi kompyuta. Sitikupafuna. Pasiye.

— Pakuoneka posalongosoka.

— Si diresi imeneyo, chemwali. Ikhazike pansi m'bokosimo, isagunde chokupizira mphepo. Bwezera pulagi, yatsa.

— Ndayatsa. Shhh! Imvani... Mukumva?

— Ndikumva. Ndi yomweyo, mfiti ija.

— Tsitsani mawu. Wasiya kulira. Akutembenuza mutu kuifunafuna. Aa, mwana wanga, abwera anzako aja. Akuyasamula, achimwene! Kamutu kakulemera kumsana kuno.

— Waona? Amalume ake ndi akatswiri.

— Dzanja lagwa. Diso limodzi latseka, ndikumuona pagalasi la kabati. Linalo likutsatira... likutsatira... Aa! Yasiya!

— Chasiya n'chiyani?

— Tke tke wasiya! Yangoti zii! Ndi uyo wadzuka. Mukumumva?

— Msewu wonse kuno ukumumva.

— Yafa?

— Siinafe. M'kati mwakemo muli kamkono kamene kamafunafuna zinthu pambale yozungulira. Kakalephera kupeza ndiye kamagogoda. Tsopano poti palibe akuifunsa kanthu, yafunafuna pang'ono, yatopa, yagona.

— Yagona ndi iyo? Ine ndavutika chonsechi kuti ndigoneke chitsulo?

— Ndi mmene zimakhalira. Imalira ikapatsidwa ntchito.

— Ntchito yanji?

— Kuwerenga, kulemba, chilichonse chimene kompyuta yaituma. Ntchito ikakula, kuliranso kumakula... Ayi. Ayi, chemwali. Ndamva mmene wapumiramo. Usayerekeze.

— Sindinanene kanthu ine.

— Ndinakulera ndine, ndimakudziwa. Ukutani panopa?

— Ndazimitsa. Ndazula pulagi, yake yeniyeni. Ndagwira mwendo wa makina.

— Chifukwa chiyani?

— Mwati chofiira chopyapyala ndicho cholankhulirana, eti?

— Palibe chapadera mmenemo. Chilipo chimodzi, chili ku yatsopano, ndipo ndati usaikhudze.

— Chilipo china. Chikupita ku kadirowa koikamo madisiki kaja. Kameneko sikatseguka chibadwire Kapitawo. Kakusungira chingwe chayani?

— Chemwali!

— Chalowa bwinobwino, osakakamiza. Tsopano paoneka polongosoka. Ndayatsa.

— Ine sindili nawo. Aliyense amve, ine sindili nawo.

— Mafunso aja abweranso. Loyamba likufunsa chilankhulo.

— Sindikuyankha.

— Musavutike, ndadina pamene pawala. Lina labwera. Ndadinanso. Ili ndi lalitali ngati kalata ya loya, pansi pali kabokosi.

— Akufunsa ngati wawerenga n'kuvomereza.

— Inu munawerengapo?

— Palibe anawerengapo chilengedwere dziko.

— Ndavomereza. Khala chete, Kapitawo, amayi ali pantchito. Eya, achimwene, apa ndiye pavuta. Pabwera mizere iwiri, uliwonse ndi nambala yake.

— Ikufunsa kuti sisitimu iikidwe pati, pa yatsopano kapena pa yakale. Apa ndiye imirira. Siya chomwecho mpaka alamu abwere.

— Chabwino. Koma ndiuzeni yatsopano ndi iti, kuti ndisaikhudze mwangozi.

— Ya nambala yaing'ono ndiyo yatsopano. Ya nambala yaikulu ndi yakale ija.

— Yaikulu ndi yakale.

— Eya. Bwanji wabwereza?

— Ndimafuna ndisaiwale. Yatulutsa chenjezo lachikasu.

— Chenjezo? Wadina chiyani?

— Yaikulu.

— Mayo! Ikukuuza kuti zonse zili mmenemo zifufutika!

— Iii, dikirani kaye. Zithunzi za Kapitawo ali wakhanda zili mmenemu. Ndi zolemba za bambo ake.

— Zimenezo tinakopera dzulo kushopu kuno, zonse, ndinaonetsetsa ndekha. Zili m'chikwama cha alamu.

— Zonse?

— Zonse. Koma sindikunena kuti...

— Ndiye palibe wolira. Ndadina.

— Ndikanangonama ine. Pakamwa panga pandipweteketsa.

— Shhh! Imvani! Achimwene, imvani! Tke, tke, krrr, tke! Ikulira kuposa kale! Ngati yabwerera kuutsikana!

— Ikulira chifukwa waisenzetsa katundu woti siingathe. Nkhalamba waituma kukatunga madzi kuphiri.

— Ipite ndithu, isafulumire kubwera. Pali kamzere kakuti ziro peresenti. Ntchito imeneyi imatenga nthawi yaitali bwanji?

— Pa yatsopano ija, ukanati ukuthira tiyi m'kapu, pomaliza kumwa yatha.

— Nanga pa iyi?

— Pa imeneyo? Tsiku lonse. Mwina ifika pakati n'kulephera, muyambirenso. Mwina siidzamaliza mpaka Kapitawo adzayambe sukulu.

— Mulungu akudalitseni, achimwene.

— Sikuti ndikukuyamikira! Tamvera. Alamu abwera madzulo, apeza kompyuta ikugogoda ngati kale. Aganiza chiyani? Aganiza kuti ndawagulitsa chinthu chakufa. Abwera kuno kudzandilalatira pamaso pa anthu.

— Tsitsani mawu.

— Ine ndi dzina langa pamsika pano!

— Ndati tsitsani mawu, foni ili pawindo, mukumveka nyumba yonse. Dikirani ndiitenge. Eya. Maso onse awiri atseka. Kakamwa kali yasa. Dovu likutsikira pamsana panga.

— Wagona?

— Ndikumutsitsa. Pang'onopang'ono... mwendo... mutu... Eya. Ali pakabulangete kake. Achimwene, nyumba ino kani ndi yabwino chonchi?

— Nanga za alamu?

— Zimenezo mukambirana amuna okhaokha. Ine za makompyuta ndimazidziwira kuti?

— Iwe! Watsegula bokosi, wasuntha zingwe, wafufuta hadi diraivi yonse, ndiye uziti suzidziwa?

— Ndibwezera chitseko, ndimanga masikuluwu. Ndi fumbi lomwe ndalisiya mmene linalili, munandiletsa nokha kupukuta.

— Uwauze zoona. Iwonso sanagone, amvetsa.

— Ndiwauza akadya. Akakana, ndiwapatsa mwana ndi kabisiketi kawo kachete kaja, akagonekane kuchipinda. Tiona amene abwere kudzapempha tke tke.

— Koma dziwa kuti mmene waithamangitsiramu, siikhalitsa. Sabata ino mwina siitha. Ikangoti zii ulendo uno, ndiye yapita.

— Mano atsala ambiri. Kushopu kwanuko mulibe zina zodwala?

— Zadzadza katoni pansi pa tebulo. Ndimafuna ndikataye Loweruka.

— Musataye! Musankhe zolira bwino. Osati zokuwa, zogogoda mofatsa. Muziyese kaye, muzimvere.

— Ndiyambe kuyesa mawu a zinyalala ngati ndikusankha oimba?

— Ndinu amalume ake. Ena amagulira ana a alongo awo njinga.

— Chabwino, ndiona. Ilipo ina ya mphunzitsi wina, imagogoda n'kumaimba kamluzu pang'ono.

— Imeneyo... mundisungire... ya Lamlungu...

— Halo? Mawu ako akupita kutali. Wabwerera pakona paja?

— Ayi... ndangokhala pansi pang'ono. Pafupi ndi bokosi. Pakutentha bwino apa.

— Chitseko cha kompyuta wabwezera?

— Ndibwezera.

— Mayunifomu aja?

— Mmm.

— Chemwali? Iwe, ukugona foni ili kukhutu?

— Ndikumva... pitirizani...

— Mayunitsi ako akupita.

— Asiyeni apite... nawonso akapume...

— Basi, ndidula ndine. Koma alamu akafika, uyambe ndi kunena kuti ine ndinakana. Wamva? Uyambire pamenepo. Halo? Chemwali?... Aa. Gonani.